NGODYA YA CHINGEREZI: Mayi, Musagulitse TV Ija

 

Ulendo uno ndalandira kalata yochokera kwa mayi wina wa ku Nkhotakota, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiyankhe pano chifukwa nkhani yake ikukhudza makomo ambiri. Mwana wawo wamkazi ali mu Folomu 4. Pa mayeso okonzekera MSCE anakhoza bwino masamu ndi maphunziro ena, koma Chingerezi anachiphonya ndi malikisi ochepa chabe. Bambo a mwanayo akwiya kwambiri. Akuti chimene chamuononga mwanayo ndi wailesi ya kanema imene anagula chaka chatha, ndipo anenetsa kuti mwezi uno usanathe akaigulitsa. Mayiwo anaika pepala la mayesolo m'kalata momwemo, ndi funso loti, "Kodi aphunzitsi, tigulitsedi?"

Poyamba ndinene kuti nkhawa ya bambowo ndi yomveka. Mwana amene walephera Chingerezi pa mayeso a MSCE salandira satifiketi, ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse. Zaka zinayi za fizi, mayunifomu ndi makope zikhoza kulowa m'madzi chifukwa cha phunziro limodzi. Koma nditaliwerenga pepala lija modekha, ndinaona kuti vuto la mwanayu lagona pena. Panali mafunso khumi odzaza mawu m'mipata, ndipo iye anakhoza atatu okha. Pena analemba kuti "The news starts on seven o'clock." Pena analemba "We watched the match at Saturday." Mwana wolemba chotere si waulesi ayi. Akuganiza bwinobwino m'Chichewa, kenaka nkuveka maganizowo malaya a Chingerezi amene sakumukwana.

GWERO LA VUTO

Timawu timene tamugwetsa mwanayu timatchedwa aperekezi. M'Chichewa aperekezi a malo amene timawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndi atatu: pa, ku ndi mu. Olankhula Chiyao nawonso ali nawo atatu omwewa. Tsono taonani ntchito zimene "pa" wathu amagwira yekha. Timati dziko lathu linalandira ufulu pa 6 Julaye 1964. Timati tinaonera mpira pa TV. Timati masewerowo achitikira pa bwalo la Kamuzu. Ena timati nkhani ziyamba pa 7 koloko, ndipo ena timangoti ziyamba 7 koloko.

M'Chingerezi "pa" mmodzi yemweyu amagawika pawiri. Pa tsiku ndi pa TV akuti "on". Pa bwalo ndi pa nthawi ya wotchi akuti "at". Mwana amene anauzidwa ku pulayimale kuti "pa" ndi "on", monga m'mene timanenera kuti buku lili pa tebulo, adzalemba "on seven o'clock" ndi mtima wonse, osadziwa kuti walakwa. Mnzake amene anazolowera kungoti "7 koloko" adzalemba "The news starts seven o'clock," osaikapo kanthu. Onse awiri ataya malikisi.

Mankhwala ake ndi oti mwana aleke kufunsa kuti "pa" m'Chingerezi ndi chiyani. Azifunsa kuti, "Kodi nthawi imene ndikunenayi ndi yaikulu bwanji?" Ife a kunyanja tili ndi chitsanzo chapafupi. Ganizirani dengu la usipa, mbale ya usipa, ndi kausipa kamodzi. "In" ndiye dengu, pakuti amatenga nthawi yaikulu monga mwezi kapena chaka. "On" ndiye mbale, amatenga tsiku limodzi. "At" ndiye kausipa kamodzi, nthawi yeniyeni imene mungailoze ndi chala pa wotchi. Nthawi za mapulogalamu zimene ndiike m'zitsanzo zotsatirazi ndi zongoyerekeza, inu muikemo za pa TV yanu.

AT: NTHAWI YA PA WOTCHI

Paliponse pamene pali ola kapena mphindi, ikani "at". "The news starts at seven o'clock," kutanthauza kuti nkhani ziyamba 7 koloko. "The film begins at half past eight," filimu iyamba hafu pasiti 8. "The cartoons are at 4.15." Masana enieni a 12 koloko akuti "at noon", ndipo pakati pa usiku akuti "at midnight". Ngati mukufuna kunena kuti cha m'ma 7 koloko, nenani "at about seven o'clock".

Ndondomeko zambiri za mapulogalamu zimalembedwa ndi wotchi ya maola 24. Mukaona 19:00, chotsanipo 12 ndipo mupeza 7 koloko madzulo. Mukaona 21:30, imeneyo ndi hafu pasiti 9 usiku. Mperekezi wake sasintha: "at 19:00". Chenjeraninso ndi Angerezi akamati "half seven". Akutanthauza 7.30, osati 6.30 ayi.

ON: TSIKU NDI DETI

Dzina la tsiku lililonse, kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu, limatenga "on". M'Chichewa timangoti "mpira uliko Loweruka," popanda mperekezi, koma m'Chingerezi cha mayeso lembani "The match is on Saturday." Ngati pulogalamu imabwera Lachiwiri lililonse, mukhoza kunena "It is shown on Tuesdays," ndi s kumapeto.

Deti nalonso ndi tsiku limodzi, choncho limatenga "on". Ambiri mukukumbukira Lachisanu lija timu yathu ya Flames inagonjetsa Zimbabwe 2-1 ku Cameroon, Gabadinho Mhango atamwetsa zigoli zonse ziwiri. M'Chingerezi tinena kuti "The Flames beat Zimbabwe on 14 January 2022."

"On" yemweyu ndi amenenso amanena za wailesi kapena tchanelo: "on television", "on the radio", "on MBC". Onani kuti pa wailesi ya mawu pali "the", koma pa wailesi ya kanema palibe. Mukanena kuti "The cat is on the television," mukutanthauza kuti mphaka wakwera pamwamba pa bokosi lenilenilo.

IN: MWEZI, CHAKA NDI ZIGAWO ZA TSIKU

Apa Chichewa chimatithandiza, chifukwa "mu" wathu nthawi zambiri amagwirizana ndi "in". Timati wailesi ya MBC inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo m'Chingerezi ndi "in 1964". Wailesi ya kanema yoyamba ya dziko lino, Television Malawi, inayamba kuulutsa mu 1999: "Television Malawi started in 1999." Ngati titchula mwezi wokha, "in April". Koma tikangoikapo deti, dengu lija lasanduka mbale: "on 1 April 1999".

Zigawo za tsiku zimatenganso "in": "in the morning" m'mawa, "in the afternoon" masana, "in the evening" madzulo. Usiku wokha ndiye wamakani. Angerezi amati "at night", ndipo palibe chifukwa chomveka chimene ndingakupatseni. Mwana angoloweza, monga m'mene analowezera kuti zochuluka za "child" ndi "children".

Msampha waukulu uli apa. Tanena kuti m'mawa ndi "in the morning", nanga Loweruka m'mawa? Lamulo ndi loti dzina la tsiku likangoonekera, ndilo limalamula. Choncho timati "on Saturday morning", "on Friday evening", "on Sunday night". Pa pepala la mwana wa ku Nkhotakota uja mafunso awiri anagwera m'dzenje limeneli.

"In" ali ndi ntchito inanso imene olengeza mapulogalamu amaikonda. Akati "The news follows in five minutes," akutanthauza kuti nkhani zibwera pakatha mphindi zisanu kuchokera tsopano. Ambiri timalakwitsa ponena kuti "after five minutes" pamene tikuwerengera kuchokera pa nthawi ino.

ONSE ATATU M'CHIGANIZO CHIMODZI

Tiyeni titenge masewero omaliza a World Cup ya 2010, amene Spain inagonjetsa Netherlands 1-0 ku Johannesburg. "The final started at half past eight in the evening on Sunday 11 July." Taonani: ola latenga "at", madzulo atenga "in", tsiku latenga "on". Mwana amene angapange yekha chiganizo chotere wathana nawo aperekezi a nthawi.

Pa malo, aperekezi omwewa amatsata nzeru yomweyo ya dengu ndi kausipa. Mzinda kapena dziko ndi "in", malo amodzi odziwika ndi "at": "The match was played at Bingu National Stadium in Lilongwe." Koma "ku" wathu ngwachinyengo. Ku Lilongwe akhoza kukhala "in Lilongwe" ngati chinthu chili komweko, "to Lilongwe" ngati chikupita, ndi "from Lilongwe" ngati chikuchokera. Nchifukwa chake mumaona pa TV mawu oti "live from Lilongwe".

PAMENE SIPAFUNIKA MPEREKEZI

Mwana akayamba kuwadziwa aperekeziwa amafuna kuwathira paliponse ngati mchere. Muletseni. Patsogolo pa mawu awa sipakhala "at", "on" kapena "in": "today", "tonight", "tomorrow", "yesterday", ndiponso "this", "next", "last" ndi "every". Timati "There is a film tonight." Timati "The programme returns next Monday," osati "on next Monday". Timati "We watch the news every evening," osati "in every evening".

Pali "on" winanso amene amasokoneza ngakhale akuluakulu. Mngerezi akafunsa kuti "What's on tonight?" akufunsa kuti kuli chiyani pa TV usiku uno. "On" ameneyu akutanthauza kuti chinthu chikuonetsedwa. Choncho chiganizo choti "The news is on at seven" ndi cholondola, ngakhale timawu tiwiri tagundana. Koyambako kakunena kuti nkhani zikuonetsedwa, kachiwiriko kakunena ola.

KUYAMBIRA, MPAKA NDI POFIKA

Ndondomeko ya mapulogalamu imanenanso utali wa nthawi. Kuyambira nthawi yakuti mpaka yakuti ndi "from" ndi "to": "The children's programme is on from four to five." Ngati mwayamba ndi "between", mnzake ndi "and": "between four and five". Musasakanize nkunena "between four to five", ngakhale mumazimva kawirikawiri.

"Until" ndi "by" ndi mapasa osafanana. "Until" ndi mpaka, ndiye kuti chinthu chikupitirira kufikira nthawiyo: "The film is on until ten." "By" ndi pofika, ndiye kuti chinthu chikhale chitachitika nthawiyo isanadutse: "Finish your homework by six." Mukamuuza mwana kuti "Wash the plates until seven," mwamulamula kuti azingotsukabe mbale mpaka 7 koloko, ngakhale zitayera kale.

"For" amanena kuchuluka kwa nthawi: "The programme lasts for thirty minutes." "Since" amanena poyambira: "We have been watching since four o'clock." Choncho "since two hours" ndi kulakwa, nenani "for two hours". "During" ndi mkati mwa chinthu: "The lights went off during the match," chiganizo chimene tonse tingachinene mosaphunzitsidwa. "Before" ndi "after" ndi osavuta: "The weather report comes after the news."

Pomaliza pali "on time" ndi "in time". Pulogalamu ikayamba pa nthawi yake yeniyeni, "it started on time". Inu mukafika kunyumba isanayambe, "you arrived in time".

NTHAWI YA KUNJA

Okonda mpira wa kunja asamale ndi chinthu china. Nthawi ya ku Malawi ili patsogolo pa GMT ndi maola awiri chaka chonse, ndipo ndi yofanana ndi ya ku Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa. Koma ku Britain amasintha mawotchi awo. Kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi mpaka Lamulungu lomaliza la Okutobala amawapititsa patsogolo ndi ola limodzi. Motero masewero oyamba 3 koloko masana ku London ife timawaona 4 koloko mu Seputembala, koma 5 koloko mu Disembala. Apa pali chiganizo chabwino choyeserera: "The match starts at three in London, which is at five in Malawi in December." Mwana waphunzira Chingerezi, masamu ndi jogalafe nthawi imodzi.

M'MENE MUNGAPHUNZITSIRE KUNYUMBA

Tsopano ndibwerere kwa inu, mayi a ku Nkhotakota, ndi kwa bambo a kunyumbako. TV payokha siphunzitsa mwana kanthu. Mwana amene amangokhala pa mkeka kuyambira pobwera ku sukulu mpaka tulo adzalepheradi, ndipo pamenepo bambo sakunama. Koma ndondomeko ya mapulogalamu ndi buku la aperekezi limene limasintha tsiku lililonse, ndipo mwana amafuna yekha kuliwerenga. Pemphani bambo kuti adikire kaye teremu imodzi, muyese izi.

Mugulireni kope limodzi la ntchito imeneyi yokha. Tsiku lililonse, TV isanayatsidwe kuti aonere, alembe ziganizo zitatu za m'Chingerezi zonena zimene akufuna kuonera: pulogalamu yanji, pa tchanelo chanji, nthawi yanji, mpaka nthawi yanji. Chiganizo chilichonse chikhale chathunthu. Mwachitsanzo: "The news is on MBC at seven o'clock. The film is on from eight to ten. There is football on Saturday afternoon." Akalemba awerenge mokweza, pakuti khutu limagwira zimene diso laphonya. Zimene sanalembe asaonere. Mudzaona kuti mwa njira imeneyi maola oonera achepa okha popanda kukangana.

Mwina mukuti, "Nanga ine Chingerezi sindichidziwa, ndichonga bwanji?" Simufunika kuchidziwa chonse. Yang'anani zinthu zitatu zokha. Patsogolo pa nambala ya ola pakhale "at". Patsogolo pa dzina la tsiku pakhale "on". Patsogolo pa mwezi kapena chaka chopanda deti pakhale "in". Mukhozanso kumufunsa m'Chichewa kapena m'Chiyao kuti, "Iwe, mpira uja uliko liti?" iye nkuyankha m'Chingerezi. Ngati pali mkulu wake kapena mwana wa a neba wa kalasi yomweyo, azifunsana okha: "What time is the news on? Which channel is it on? How long does it last?" Mutu umodzi susenza denga. Loweruka lililonse atengere kopelo kwa munthu wodziwa kuti alione, kapena Lolemba akaonetse aphunzitsi ake.

Amene mulibe TV musadandaule. Wailesi ya mawu ili ndi ndondomeko yake, sukulu ili ndi ndondomeko ya maphunziro, msika uli ndi masiku ake, ndipo bolodi ya pa vidiyo sho ya pa tauni yanu imalembedwa nthawi za mpira. Nthawi zambiri mabolodi amenewa amakhala ndi zolakwika, ndipo mwana akayamba kuzitulukira yekha podutsa, dziwani kuti phunziro lalowa.

Sindikulonjeza kuti kope limeneli lokha lidzamupatsa mwana wanu satifiketi. Pali chimangirizo, pali kumvetsa nkhani, pali mabuku oti awerenge. Koma malikisi amene anamugwetsa ulendo uno ndi a timawu timeneti, ndipo timabweranso m'chiganizo chilichonse chimene adzalembe pa mayeso ngakhalenso m'kalata yofunsira ntchito. Ziganizo zitatu pa tsiku kwa masiku 90 ndi ziganizo 270. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Teremu ikatha, bambo atenge kopelo ndi pepala la mayeso atsopano, aweruze okha.

YESANI IZI

Dzazani mipata ndi mperekezi woyenera. Ngati sipakufunika mperekezi, lembani "palibe". Musayang'ane mayankho musanamalize.

1. The football match starts ___ four o'clock.
2. There is a good film ___ Saturday night.
3. Television Malawi started ___ 1999.
4. The Flames played Morocco ___ 25 January 2022.
5. Grandmother listens to the radio ___ the morning.
6. We do not watch television late ___ night.
7. The programme runs ___ six ___ seven.
8. We watch the news ___ every evening.
9. Hurry up! The match begins ___ five minutes.
10. We have been waiting ___ two hours.

Mayankho: 1. at, 2. on, 3. in, 4. on, 5. in; 6. at, 7. from, to, 8. palibe, 9. in, 10. for.

Amene wakhoza asanu ndi atatu kapena kuposa, wachita bwino. Amene wapeza ochepera pamenepo awerengenso za dengu, mbale ndi kausipa, kenaka ayesenso mawa. Makolo nanunso yesani, si zamanyazi ayi. Safunsa anadya phula.

Mayi a ku Nkhotakota, mundilemberenso teremu ikatha kuti tonse timve m'mene zayendera, ndipo mundiperekere moni kwa bambo. M'kope likubwerali tidzaona aperekezi a paulendo, chifukwa wina wa ku Monkey Bay wafunsa kuti bwanji timati "on the Ilala" ndi "on the bus" koma "in the car". Pitirizani kutumiza mafunso anu kudzera kwa mkonzi.